Mawu oti "consecutive": tinene kuti motsatizana, mosalekeza kapena mosadumphitsa?

Mwezi wathawu bambo ena a kumpingo kwathu ku Area 25, amene amagwira ntchito yaulonda, anandipeza pakhonde chakumadzulo ndikuchonga makope a ana a Fomu 3. Titalonjerana, anatulutsa kapepala kopindapinda m'thumba la malaya.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani apa. Mwana wanga wandiwerengera kale, koma mtima sunakhazikike."

Pakapepalapo panali ndime ya lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000, imene mnzawo wina anawakopera. Ndimeyo imati bwana asagwiritse munthu ntchito kupitirira "six consecutive days" osamupatsa mpumulo wa "twenty-four consecutive hours". Mwana wawo, yemwe ali Fomu 2, anawauza kuti akunena masiku sikisi ndi maola 24, mawu apakatiwo n'kuwalumpha ngati chithaphwi. Ndiye bambowo anawerengetsera okha. Amaweruka 6 koloko m'mawa n'kukalowanso 6 koloko madzulo, ndiye kuti maola 12 amakhala ali pakhomo, ndipo masiku awiri okha maola 24 akwana. Anafika poganiza kuti bwana wawo sakulakwa powagwiritsa ntchito usiku uliwonse, Lolemba mpaka Lamulungu, mwezi wathunthu.

Chonsecho mawu amene mwanayo analumphawo ndi amene asenza nkhani yonse. Maola 24 a lamuloli si otolera apa ndi apo ayi. Ndi chinthu chimodzi chathunthu, usana ndi usiku wake, munthu ali kwawo.

Atapita, ndinatsala ndikusinkhasinkha china. Mawuwa abwera kawiri m'chiganizo chimodzi, koma powafotokozera bambowo pakamwa panga panatuluka mawu awiri osiyana. Masikuwo ndinati "otsatizana", maolawo ndinati "osadukiza". Sindinachite kukonzekera, lilime linasankha lokha. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikutchera khutu pawailesi, kuchipatala, m'minibasi ndi m'kalasi kuti ndimve momwe timanenera zimenezi, ndipo ndapeza kuti njira tili nazo zingapo. Iliyonse ili ndi pamene imagwira ntchito bwino ndi pamene imasocheretsa.

Mawu oti "consecutive" anachokera ku Chilatini, ku mneni "consequi", kutanthauza kutsatira pambuyo penipeni, ndipo m'Chingerezi analowa kudzera m'Chifalansa. Muli mfundo ziwiri m'menemo. Yoyamba, china chibwere pambuyo pa chinzake. Yachiwiri, pakati pa ziwirizo pasalowe china ndipo pasajombe kanthu. Mfundo yachiwiriyi ndi imene imatayika kawirikawiri tikamamasulira.

Ana anga akasukulu ndimawauza kuti chinthuchi amachidziwa kale kuchokera kunyumba. Ndimafunsa mmodzi kuti, "Anakuponda pamutu ndani?" Amatchula mng'ono wake. Ana opondana ndi amene pakati pawo palibe mwana wina. Akhoza kusiyana chaka chimodzi ndi theka, akhoza kusiyana zaka sikisi, komabe ndi opondana. Chachikulu si kutalika kwa nthawi imene yadutsa pakati, koma kuti pamzere wa zomwe tikuwerengazo palibe chimene chalowerera. Mwana akamvetsa zimenezi, sasokonezanso mawuwa ndi "continuous".

Mawu amene ambiri timayamba kuwathamangira ndi "motsatizana" kapena "motsatana", ndipo nthawi zambiri timakhala titalasa. Amakhala bwino pa zinthu zowerengeka chimodzichimodzi: masiku, zaka, masewero, zisankho, manambala. Chitsanzo chimene aliyense mumzinda muno angachimve ndi cha mpira. Bullets inatenga ukatswiri wa Super League kasanu motsatizana: 2018, 2019, sizoni ya 2020/21, 2022 ndi 2023, mpaka Silver Strikers yathu ya ku Area 47 inadzadula mzerewo mu 2024. Taonani bwino pamenepa. Kuchokera 2018 kufika 2023 ndi zaka sikisi, koma zikho ndi zisanu, chifukwa mliri wa Covid-19 unachedwetsa ligi ya 2020 mpaka inakathera m'chaka chotsatira. Amene anganene kuti Maule anapambana "zaka zisanu zotsatizana" waphonya pang'ono. Amene anganene kuti "kasanu motsatizana" wanena zoona, poti chimene tikuwerenga ndi masizoni, ndipo pakati pa masizoni asanuwo palibe timu ina imene inanyamula chikhocho. Choncho musanalembe mawuwa, yambani mwadzifunsa kuti mukuwerenga chiyani kwenikweni.

Kufooka kwa "motsatizana" n'kwakuti m'makutu a anthu ena amangonena za ndondomeko, kuti ichi chinayamba, icho chinabwera pambuyo, osatsindika kuti pakati panalibe mpata. Mayi akati alendo anafika motsatizana, sakutanthauza zambiri kuposa kuti sanafikire limodzi. N'chifukwa chake pa nkhani ya ndalama, ya ntchito kapena ya pangano, ine ndimawonjezera mchira: "miyezi itatu yotsatizana, popanda kulumpha ngakhale umodzi". Chiganizo chimatalika, inde, koma mkangano umachepa. Aliyense amene anakhalapo mlembi wa banki m'khonde akudziwa phokoso limene limabuka lamulo la gulu likangoti wojomba katatu achotsedwe. Katatu pachaka chonse, kapena katatu motsatizana? Mayi amene anajomba mu Febuluwale, mu Juni ndi mu Okutobala chifukwa cha maliro ndi matenda sangafanane ndi amene wasowa masabata atatu osatumiza ngakhale uthenga.

Palinso "motsogozana", amene ndimawamva kwa owerenga nkhani ndi olemba zamasewero. Ndi mawu abwino, ndipo pa masiku ndi zaka sasiyana kwenikweni ndi "motsatizana". Chithunzi chake chokha ndicho chikuyang'ana kutsogolo, ngati anthu oyenda m'kanjira kakumunda. "Mondondozana" amapendekera ku dongosolo la mzere, monga ana oima pa asembule kapena magalimoto a pamaliro. Amene ndingakuchenjezeni nawo ndi "mwandondomeko". Awa sakukhudzana n'komwe ndi nkhaniyi. Munthu akhoza kugwira ntchito mwandondomeko Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, masikuwo osatsatizana.

Tsopano tibwere ku "mosalekeza" ndi "mosadukiza", pamene pamagwa anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino. Mawu awiriwa kwawo ndi ku "continuous", chinthu choyenda ngati madzi a pampopi wosatseka. Mvula ya mu Januwale imatiphunzitsa kusiyanaku chaka ndi chaka. Ikamagwa masana aliwonse kwa ola limodzi, Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu, m'mawa dzuwa likuwala mpaka zovala kuuma pachingwe, ndiye kuti yagwa masiku atatu motsatizana. Koma ukachita mvumbi, kumwamba kuli bii, madontho osasiya usiku ndi usana, makala osayaka, anthu a ku Mtandire maso ali pa mtsinje wa Lingadzi, imeneyo ndiye yagwa mosalekeza. Wolemba nkhani akasinthanitsa mawu awiriwa, wowerenga ali ku Mzuzu kapena ku Joni aganiza kuti abale ake akokoloka, chonsecho kwangogwa mvula yabwino yobzalira.

Nanga bwanji kwa alonda aja ndinati maola 24 "osadukiza"? Chifukwa maola sali ngati masizoni a mpira, amene pakati pake pamakhala miyezi yopuma. Ola likatha, linzake layamba pomwepo. Maola otsatizana ndi nthawi yosaduka, basi. Ndikanati "maola 24 otsatizana" sindikanalakwa, koma khutu la Mchewa silizolowera kuwerenga maola ngati mbuzi zolowa m'khola. "Osadukiza" anawapatsa bambowo chithunzi chimene amafunikira, chakuti mpumulowo usadulidwe pakati ndi kuitanidwa kuntchito. Ndiye pa maola ndi mphindi ndimasankha "osadukiza". Pa masiku, masabata ndi zaka ndimabwerera ku "otsatizana", pokhapokha ngati chinthucho sichinaimedi ngakhale pang'ono, monga madzi akasiya kutuluka m'mipopi kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu osadontha ngakhale usiku.

Mawu amene ndimawakonda kuposa onse, ndipo ndikuona kuti omasulira sawapatsa ulemu wokwanira, ndi "mosadumphitsa". Awa ndi mawu a pawindo la mankhwala. Chiyambire 2007, mankhwala oyamba a malungo m'zipatala zathu ndi LA, ndipo munthu wamkulu amamwa mapiritsi anayi kawiri patsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24. Chikalata cha Chingerezi chikhoza kunena kuti "for three consecutive days". Koma tamverani momwe namwino wodziwa ntchito yake amanenera kwa agogo amene abwera ndi mdzukulu wowaperekeza: "Agogo, anayi m'mawa, anayi madzulo. Lero, mawa ndi mkuja. Musadumphitse, ngakhale mutamva bwino." Palibe "motsatizana" pamenepo, koma palibenso chimene chatsala. Watchula masikuwo ndi maina awo, ndipo watseka khomo lenileni limene anthu amatulukira, lomwe ndi kusiya mankhwala thupi likangozizira n'kusunga otsalawo kuti adzathandize tsiku lina.

Mphamvu ya "mosadumphitsa" ndi yakuti amaloza munthu. "Motsatizana" amafotokoza momwe masiku ayalidwira pakalendala, pamene "mosadumphitsa" amakuuza iweyo chimene usachite. N'chifukwa chake amakhala bwino pa malangizo alionse: kumwa ma ARV tsiku ndi tsiku, kumaliza miyezi sikisi ya mankhwala a TB, kubweza ngongole mwezi ndi mwezi, kuthirira mbewu kudimba. Koma sangalowe paliponse. Simunganene kuti timu yagonja katatu mosadumphitsa, kapena kuti ng'amba yachita masiku 20 mosadumphitsa, poti palibe munthu amene akanasankha kudumphitsa. Pamene palibe wolangizidwa, mawuwa amamveka achilendo.

Pali malo ena pamene mawu amodzi sakwana ngakhale mutasankha bwanji, ndipo khoti ndi amodzi mwa malowo. Munthu akapezeka wolakwa pa milandu iwiri, tinene kuti kuthyola nyumba ndi kuba, woweruza akhoza kumupatsa zaka zisanu pa woyamba ndi ziwiri pa wachiwiri. Kenaka amanena mawu amodzi amene abale okhala pabenchi kumbuyo ayenera kuwamvetsa. Akati zilangozo ndi "concurrent", ndiye kuti ziyendera limodzi, ndipo munthuyo walamulidwa zaka zisanu. Akati "consecutive", ndiye kuti akamaliza zisanu ayambe ziwiri zija, zonse pamodzi zisanu ndi ziwiri. Milandu ikachokera pa chochitika chimodzi, makhoti kawirikawiri amalamula kuti zilango ziyendere limodzi, koma si nthawi zonse. Womasulira akangoti "zilangozi zikhala motsatizana", mayi wa womangidwayo atuluka osadziwa kuti adzayenda ulendo wa ku Maula zaka zingati. Apa chofunika ndi chiganizo chathunthu: "Akamaliza chilango choyamba, ayamba chachiwiri, zonse pamodzi ndi zaka zisanu ndi ziwiri." Masamuwo achitidwe pompo, mokweza, anthu akumva.

Chimodzimodzi m'makalata a kuofesi. "Five consecutive working days" ndi masiku asanu ogwira ntchito otsatizana, ndipo Loweruka ndi Lamulungu sawerengedwa kumene ntchito imathera Lachisanu. Mukayamba Lachinayi, mutsiriza Lachitatu sabata yotsatira. Lachisanu ndi Lolemba ndi opondana pamzere umenewu, ngakhale pakati pawo pali masiku awiri apakalendala. Koma kalata ikangoti "five consecutive days", Loweruka ndi Lamulungu alowa m'chiwerengero. Pomasulira kalata yotere ndimalemba masiku enieniwo, kuyambira tsiku lakuti mpaka tsiku lakuti.

Komabe palibe pamene mawuwa anavutitsa dziko lino kuposa pa gawo 83 la malamulo aakulu a dziko, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994. Gawoli limati mtsogoleri wa dziko ndi achiwiri ake akhoza kukhala pamipando yawo "a maximum of two consecutive terms". A Bakili Muluzi analamulira kuyambira 1994 mpaka 2004, materemu awiri otsatizana. Mu Julaye 2002, bilu yofuna kuchotseratu malirewo inabwera m'Nyumba ya Malamulo muno mu Lilongwe. Inapeza mavoti 125 pamene inkafunika 128, ndipo inagwa ndi mavoti atatu okha. A Muluzi anatula pansi udindo mu 2004, a Bingu wa Mutharika n'kulowa.

Pofika chisankho cha 2009, funso linabweranso kudzera khomo lina, ndipo khomolo linali mawu athu omwewa. A Muluzi ndi owatsatira ankati lamulo likuletsa materemu opitirira awiri otsatizana, ndiye munthu amene wapuma zaka zisanu wadula mzerewo, akhoza kuyambiranso. Ena ankati cholinga cha gawoli, potengera kumene tinachokera ndi utsogoleri wamuyaya wa a Kamuzu Banda, chinali chakuti munthu asalamulire kupitirira zaka khumi, kaya apume kaya asapume. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linakana kuti a Muluzi aime mu Malichi 2009, ndipo khoti loona za malamulo aakulu linagamula chimodzimodzi kutangotsala masiku atatu kuti anthu akavote pa 19 Meyi. Amene tinalipo tikukumbukira momwe nkhaniyi inkakambidwira m'maminibasi a ku Kawale ndi ku Biwi, anthu amene sanatsegulepo buku la malamulo akutsutsana za tanthauzo la liwu limodzi la Chingerezi.

Si ife tokha. Malamulo a dziko la Russia a 1993 ankaletsanso materemu opitirira awiri otsatizana. Vladimir Putin analamulira kuyambira 2000 mpaka 2008, anapatsira mpando Dmitry Medvedev iye n'kukhala nduna yaikulu, ndipo anabwereranso mu 2012. Mawu oti otsatizanawo anadzawachotsa m'malamulo awo mu 2020. Ku America anatseka mpatawo kalekale: kusintha kwa malamulo kwa nambala 22, kwa mu 1951, kumangoti munthu asasankhidwe kukhala pulezidenti koposa kawiri, osatchula za kutsatizana. Donald Trump analamulira 2017 mpaka 2021 n'kubwereranso mu 2025, materemu awiri osatsatizana, ndipo mwa lamulo limenelo kawiri kake kakwana. Kwathu kuno a Peter Mutharika analamulira kuyambira 2014 mpaka 2020, a Lazarus Chakwera n'kulowa, ndipo a Mutharika anabwereranso atapambana chisankho cha mu Seputembala 2025. Ulamuliro wawo woyamba ndi wachiwiri si wopondana.

Ndiye mutapatsidwa gawo 83 kuti mulimasulire m'Chichewa, mungalembe chiyani? Ine ndingalembe kuti "materemu osapitirira awiri otsatizana", ndipo sindingawonjezere kalikonse. Apa ndikusiyana ndi zimene ndanena za kuchipatala ndi za kukhoti. Namwino akamasula mawuwa n'kunena kuti lero, mawa ndi mkuja, akuthandiza, chifukwa tanthauzo ndi limodzi ndipo palibe amene akulitsutsa. Koma womasulira lamulo akalemba kuti "materemu awiri okha pa moyo wake wonse", kapena kuti "materemu awiri, kenaka apume asanaimenso", walowa ntchito ya oweruza. Mfundo imene anthu anakanganirana mpaka kukhoti iyenera kuoneka m'Chichewa monga momwe ikuonekera m'Chingerezi, ndipo chigamulo cha khoti chifotokozedwe pachokha, pansi pake. Mchewa wowerenga malamulo a dziko lake ali ndi ufulu woona pamene panali mfundo yovutayo.

Kwa amene mukulemba Chingerezicho, monga ana a MSCE ndi ofunsira ntchito, mawu oyandikana nawo ndi ambiri ndipo safanana onse. "Successive" ndi m'bale wake wapafupi. Pa masiku ndi zaka mukhoza kuika alionse mwa awiriwa, koma "successive" amakonda zinthu zolowana m'malo, monga "successive governments", maboma amene akhala akusinthana kuyambira 1964. "In a row", "straight" ndi "running" ndi a pakamwa ndi a m'nkhani zamasewero. Tanthauzo ndi lomwelo, koma m'kalata yopita kwa abwana kapena m'pangano lembani "consecutive". "Back-to-back" kawirikawiri amanena za ziwiri zogundizana. "Subsequent" amangotanthauza chobwera pambuyo, kaya papita nthawi yaitali bwanji. "Continual" ndi chinthu chobwerezabwereza chokhala ndi mipata, ngati kuthimathima kwa magetsi, pamene "continuous" ndi chosaima n'komwe. Ndipo "alternate days" ndi kulumpha tsiku limodzilimodzi, zosemphana kotheratu ndi zimene tikukambazi. Cholakwika chimene ndimachichonga chaka chilichonse ndi kusokoneza "consecutive" ndi "consequent". Muzu wawo ndi umodzi, koma achiwiriwa amanena za chotsatira cha chinthu, monga njala yobwera chifukwa cha chilala.

M'masamu mawuwa amadyetsa ana malikisi ambiri popanda chifukwa. Funso likati manambala atatu a "consecutive" akaphatikizidwa akupanga 72, mwana amene sakuwadziwa mawuwo amalemba 24 katatu, kapena amangotola manambala alionse okwana 72. Mphwanga wa Sitandade 8 ndinamuuza kuti akufuna manambala opondana, ndipo anaseka n'kupeza yekha: gawa 72 patatu, upeza 24, ameneyo ndi wapakati, mkulu wake 25, mng'ono wake 23. Kenaka ndinamusinthira funso kuti akhale "consecutive even numbers". Anakakamira pang'ono, akuti 22, 24 ndi 26 sangakhale opondana poti pakati pali 23 ndi 25. Ndinamufunsa ngati iye ndi mchemwali wake si atsikana opondana m'nyumba mwawo, ngakhale pakati pawo panabadwa mnyamata. Anakhala chete, kenaka analemba yankho. Mzere ukakhala wa atsikana okha, mnyamatayo sawerengedwa.

Kutchalitchi nakonso mawuwa aliko, ngakhale sitiwatchula. Mlaliki wachilendo akanena chiganizo n'kuima, womasulira n'kunena chake, imeneyo akatswiri a ntchitoyi amaitcha "consecutive interpreting", kusiyana ndi ya pamisonkhano ikuluikulu ya ku BICC, pamene womasulira amalankhulira limodzi ndi mwini mawu anthu akumvera m'makutu. Apa "motsatizana" sakumveka bwino, ndipo "mosalekeza" anganene zosemphana ndi zimene zikuchitika. Ine ndimati kumasulira molandizana.

Alonda aja anabweranso Lamulungu lotsatira titatuluka m'mapemphero, akufuna ndiwalembere mawuwo m'Chichewa kuti akawaonetse anzawo a kuntchito asanapite ku ofesi ya zantchito. Ndinayamba ndalemba "masiku sikisi otsatizana", iwo n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

"Ndiye kuti ndikayamba Lolemba usiku, lachisanu ndi chiwiri lake ndi liti, aphunzitsi?"

Tinawerenga limodzi pa zala mpaka Lamulungu. Ndinatembenuza kapepalako n'kulemba kuseri kwake ndi zilembo zikuluzikulu: "Mukagwira ntchito masiku sikisi motsatizana, osapumapo tsiku lililonse pakati, bwana ayenera kukupatsani maola 24 osadukiza, usana ndi usiku wake, musanalowenso ntchito. Maola amene mumakhala kunyumba masana mukaweruka sawerengedwa pamenepa." Anakapinda kanayi, n'kukabwezera m'thumba la malaya lomwe lija.